Ndinatsanzika ku Wenya Koma Sindinachoke

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa ku Wenya sipalephera wina wondifunsa kuti kwathu ku Thyolo ndinafika bwanji, komanso ngati mvula ikugwa kumeneko. Ndimangoseka nawo, nanga n'kutani? Ndinaziputa ndekha, ndiye lekani ndikuuzeni ndekha musanazimve kwa ena atathiramo mchere.

Ndinabwera kuno zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ngati mlangizi wa kabungwe kena ka boma kophunzitsa alimi kuteteza nthaka ndi kubzala mitengo m'mapiri. Ndikuti kabungwe chifukwa m'Chitipa monse tinalipo anthu atatu ndi njinga yamoto imodzi (yoyenda mwezi uno, mwezi wamawa n'kupumula). Ine ndinkagwira ntchito ndi kalabu ya alimi imene wapampando wake ndi mayi NyaKaonga, mayi wamfupi, wosanena chinthu kawiri.

Tsiku lina wailesi inalengeza kuti boma lithetsa mabungwe ake ena, ena liwaphatikiza, ati ndalama zikungothera m'misonkhano ndi m'magalimoto a mabwana. Mayina a mabungwewo sanatchule, koma ine ndinayamba kudzifunsa. Ngati ayamba kusadza nthambi, angayambire pati kusiya ife? Sabata yomweyo mafuta a njinga sanabwere. Ndinaimbira mnzanga wa kulikulu ku Lilongwe, iye n'kungoti zinthu sizili bwino, aliyense akuyenda chozyolika. Basi, kwa ine mlandu unali utagamulidwa.

Akazi anga anati tidikire kalata. Ine ayi. Ndinawauza kuti mwamuna sadikira kukankhidwa, amanyamuka yekha ulemu udakalipo (mawu amenewa amandibwezera mpaka pano ndikachedwa kudzuka). Lamlungu lake ndinapereka kapepala kwa mlembi wa mpingo, ndipo analengeza kuti alangizi athu ntchito yatha, akubwerera kwawo kummwera. Tchalitchi chonse chinabuula. Ndisakunamizeni, zinandikomera. Sindinkadziwa kuti ndine wokondedwa chonchi.

Anthu a kuno salola mlendo kuchoka chimanjamanja. Loweruka lotsatira a kalabu anakonza mwambo ku nazale yathu ya mitengo. Ena anachita kulawirira, wapansi, kutsika mapiri atasenza katundu. Panali nyemba, mawere, uchi m'chigubu, nkhuku zitatu, ndipo NyaKaonga anabwera akukoka mbuzi yonenepa yoti mwini wake sangaiphe popanda chifukwa. Bambo Mtambo, mkulu wa mpingo amenenso ali m'kalabumo, anapemphera m'Chitumbuka mpaka nkhuku imodzi inagona tulo.

Kenako anati ndilankhule, ndipo apa ndi pomwe ndinadzikumbira dzenje. Munthu ukadziwa kuti anthu awa suonana nawonso, pakamwa pamapepuka. Misozi ikulengeza m'maso, ndinaganiza zochoka ndi mtima woyera. Ndinaulula kuti mbande za paini zimene zinauma chaka chachiwiri, zija ndinawakalipira kuti sakuthirira mokwanira, vuto silinali lawo. Ndinathira ndekha fetereza wambiri m'dothi la m'machubu, ndinazindikira tsiku lachitatu, koma chifukwa cha manyazi sindinauze munthu. Amayi khumi anatunga madzi mwezi wathunthu kuthirira mitengo yoti ndinaipha kale.

Wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinapitiriza. Ndinati masiku ena ndinkati njinga yafa inali yamoyo bwinobwino, ndinkangoopa matope. Ndinatembenukiranso kwa bambo Mtambo n'kuwauza kuti zaka zonsezi m'mapemphero awo ndinkamvamo ameni yekha. Iwo anangogwedeza mutu n'kundithokoza m'Chitumbuka chomwecho, ati, "Yewo, adada."

Tsiku lomwelo mbuzi tinapha, tinadya ndi aneba, mpaka ana kunyambita zala. Jombo zanga zamphira ndinapatsa mlonda wa pasukulu, munda wa mbatata ndinapatsa banja loyandikana nafe. Akazi anga ankangondiyang'ana, matiresi okha ndiwo anakaniza.

Lolemba ndinakwera lole kupita ku Chitipa Boma kukatenga kalata yondichotsa ntchito. Ndinavala suti, kuti ngati n'kugwa ndigwe mwaulemu. Abwana anandipatsa envulopu akumwetulira, ine n'kumati munthu uyu alibe chisoni. Kalatayo inati bungwe lathu aliphatikiza ndi lina loona za ulimi wothirira. Ochotsedwa anali a bodi ndi mabwana angapo a kulikulu, ife a kumudzi tipitirize pomwe tili. M'munsi mwake analemba dzina langa, pambali pake Wenya, n'kundiwonjezeranso midzi ina ya ku Nthalire.

Ndinathokoza Mulungu ndithu, chifukwa ndili ndi ana atatu pasukulu ndipo ku Thyolo ndilibe ngakhale mzere umodzi wolima. Koma chimwemwecho chinathera pakhonde la ofesi. Pamenepo ndi pomwe mbuzi ija inayamba kulira m'mimba mwanga. Ntchito ndinali nayo, inde, koma ntchito ya mlangizi ndi anthu. Ukaitana msonkhano iwo osabwera, watsala ndi dzina chabe. Ndani akanamveranso munthu amene anawatungitsa madzi mwezi wonse pofuna kubisa kulakwa kwake?

Ndinabisala masiku awiri pa Boma pomwepo kwa mnzanga wapolisi wa kwathu, ati ndikudikira mapepala ena. Iye akandiona ankangolira ngati mbuzi. Tsiku lachitatu ndinakwera lole ndikupemphera kuti ichedwe panjira monga mwa masiku onse. Tsiku limenelo lokha inayenda bwino. Inanditsitsa ku Wenya dzuwa lili paliwombo, msika uli pakati. Mayi wina wogulitsa tomato anayang'ana suti yanga yafumbi n'kundifunsa mwaulemu ngati pali chimene ndinaiwala.

Kunyumba akazi anga anaseka mpaka kukhala pansi. Atapukuta misozi anati, "Bambo a Tadala, madzi akatayika saoleka. Pitani nokha kwa anthu aja asanachite kukuitanani." Ndinagula mbuzi ina (yocheperako, ndivomere) ndipo Lachinayi, tsiku limene kalabu imakumana, ndinaikoka mpaka ku nazale.

Ndinapeza anthu adzaza kuposa tsiku lotsanzikana lija. Nditangoyamba kupepesa, NyaKaonga anakweza dzanja. Anati mbuziyo ibwerere kumene yachokera, kuno mphatso sibwezedwa, ndipo ija anapatsa mlangizi wa bungwe lakale, amene anatsanzika bwinobwino n'kupita kwawo. Kenako anatembenukira kwa anthu, nkhope ili gwa, osaonetsa ngakhale dzino limodzi.

"Boma latitumizira mlangizi watsopano wa bungwe latsopano," anatero. "Monire, adada. Mwenda uli?"

Ndinayankha m'Chitumbuka changa chotsimphina kuti ndayenda bwino. Anthu anandandalika pamzere n'kumandipatsa moni mmodzimmodzi, aliyense akutchula dzina lake ngati sitinaonanepo, ena mapewa akugwedezeka ndi phwete. Bambo Mtambo anadzipereka kuti azindiphunzitsa Chitumbuka Lachisanu lililonse, ati mnzanga amene anachoka uja anavutika nacho kwambiri.

Ndiye NyaKaonga anati n'kwabwino mlendo adziwe za munthu amene wamulowa m'malo. Anandiuza kuti munthuyo ankaopa matope, ankakalipa kwambiri akalakwa yekha, ndipo amayi khumi aja misana yawo sinaiwale. Apa panalibenso woseka, ndipo ine ndinazyolika. Anati za feterezazo ankazidziwa kale, chifukwa iwo eni anakhuthula chubu chimodzi n'kuona, ankangodikira tsiku limene adzanene yekha. Komabe, anatero, udzu umene anawaphunzitsa kubzala m'akalozera, mizere ija yotchinga madzi, wagwira dothi, madzi sakukokololanso minda ya m'munsi mwa phiri, ndipo zimenezo n'za munthu yemweyo.

"Anali ndi timabodza take, koma tsiku lomaliza ananena zoona. Inu adada, yambirani pomwe iye analekezera."

Ndinalira, abale, pamaso pa anthu onse, chingwe cha mbuzi chili m'manja. Chifundo chotero sindinachiyenere, ndipo anthu amenewa ndidzawathokoza mpaka tsiku limene ndidzachokedi.

Chimene ndaona n'chakuti kunena zoona katundu utamanga kale n'kosavuta. Chovuta ndi kuzinena kwa anthu oti mawa mukumananso kuchigayo. Mwezi wathawu ndinaiwala tsiku la msonkhano wa kalabu, anthu n'kundidikira mpaka masana. Atandifunsa mawa lake, bodza linafika lokha pamlomo, lopsa kale, longofuna kupakula. Ndinalimeza, n'kunena kuti ndinangoiwala basi, andikhululukire. NyaKaonga anatembenukira kwa mlembi wa kalabu n'kumuuza kuti watsopanoyu mwina tikhala naye.