Mmene Ndinachapira Chuma Changa ndi Sopo

Anthu ena amasauka chifukwa cha ulesi, ena chifukwa cha mowa. Ine chinandisaukitsa ndi ukhondo, ndipo musaseke msanga.

Inali nthawi ya Chitaganya, Chipata akadali Fort Jameson. Ndinkagulitsa nsalu m'sitolo ya Mmwenye, mtima uli pa Tisauke, namwali wa ku Madzimoyo. Bambo ake, a Jere, Mngoni wosadziwa nthabwala, anali atanena poyera kuti popanda ng'ombe za malowolo palibe ukwati. Ine ng'ombe ndinkangoziona zikudutsa mumsewu.

Tsiku lina m'sitolomo munalowa mzungu wolima fodya, amene ankasonkhanitsa masitampa akale. Ndinamumva akuuza bwana wanga kuti masitampa achikumbutso, aja otuluka kamodzi kokha pa chochitika chachikulu, ena amafika mtengo wa ng'ombe akakalamba. Makutu anga anaima. Kapepala konyambita ndi lilime, ng'ombe!

Ndinakumbukira azakhali anga a ku Tamanda. Amuna awo anakhalitsa ku migodi ya ku Wanke, ndipo m'malo mobwera okha ankatumiza makalata. Loweruka ndinapalasa njinga yobwereka mpaka komweko. Azakhali anakhuthula chitini chonse cha maenvelopu: ena a mutu wa mfumu yakale, ena a mfumukazi itavala chisoti, ena a mathithi aja a Mosi-oa-Tunya.

"Tengani, mwananga," anatero. "Zithunzi zandikwana, ine ndinkafuna mwamuna."

Pobwerera ndinadzera kwa a Jere (apa ndi pamene nzeru zinanditsanzika) ndi kuwauza kuti akuze khola, ng'ombe zili m'njira. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tidzaona zikadzalira pakhomo pano," anayankha.

Tsopano mvetsani. Kwathu sitigulitsa chinthu chauve. Mtedza timasankha, fodya timawongola, ngakhale nkhuku timaipukuta mapazi popita nayo kumsika. Nanga ine ndikanapita bwanji kwa mzungu ndi masitampa othimbirira, odetsedwa ndi chidindo cha ku positi? Ndinawamatula, aliuma ndinawathandiza ndi mpeni. Kenaka ndinawaviika m'madzi ofunda, n'kuwakwecha ndi sopo mpaka chidindo chinachoka. Chinachoka ndithu, pamodzi ndi mphuno ya mfumukazi. Mathithi aja anauma ngati kuti ndi mwezi wa Okutobala.

Atakwinyika, ndinawasita ndi simbi ya makala. Ochepa okha ndi amene anapserera.

Chinatsala n'chimodzi: timano tija ta m'mphepete. Ine wodula nsalu tsiku ndi tsiku, mpendero wanyankhalala chotero unkandichititsa manyazi. Ndinabwereka sizasi ya m'sitolo n'kuwadula onse bwinobwino, mowongoka ngati kolala ya m'busa. Kunena zoona, ndinadzinyadira.

Mzungu uja anandilandirira pakhonde. Anatulutsa galasi lokuzira zinthu ndi kachitsulo kopanira, poti iye sitampa sankaigwira n'chala komwe (ine ndinali nditaikwecha ngati chidendene). Anayang'ana yoyamba, yachiwiri, kenaka anakhala pansi.

"Ndani wachita ichi?" anafunsa m'Chinyanja chake chothyokathyoka.

"Ndine ndemwe, bwana," ndinayankha chifuwa chili patsogolo. "Ntchito yoyeretsayo musalipire, ndi basera."

Anandifotokozera modekha, ngati wopepesa maliro, kuti wogula amayang'ana timano ngati tili tonse, mtundu ngati sunasuluke, ndiponso chidindo chonena kumene kalata inachokera. Ndiye kuti ankafuna zonse zimene ndinachotsa ndi thukuta langa. Ananyamula sitampa imodzi yofiirira.

"Iyi ndaifuna zaka zambiri. Ukanabwera nayo pa envelopu yake, ndikanakupatsa thole."

"Nanga mmene ililimu, bwana?"

Anaitana wophika kuti andipatse madzi akumwa.

Mbiri inafika ku Madzimoyo ine ndisanafike. A Jere sanakalipe, anangondifunsa ngati ng'ombe zija nazonso ndazichapa mpaka zasungunuka. Chimanga chisanalowe m'nkhokwe, Tisauke anakwatiwa ndi kondakitala wa basi ya ku Lusaka, munthu wa ng'ombe zenizeni, zamatope, zosasita. Zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka lero zimandipwetekabe.

Mwa chifundo chake, Tisauke ananditumizira kalata yondiitanira ku ukwati, ya sitampa yokongola yachikumbutso, timano tonse tilipo. Ku ukwatiko sindinapite. Koma envelopuyo ndikadali nayo, yakuda bii ndi fumbi la zaka zonsezi, ndipo aliyense woyandikira ndi sopo timayambana.