Mkazi Wanga Ali Kunja kwa Dziko

Lolemba

Tsiku lachisanu chichokere Nangozo, mkazi wanga. Ali kunja kwa dziko. Ndikumuona ndili pakhonde: uyo apo tsidya la msewu, akuyala kabichi pabenchi ya amayi ake. Kuno ku Lizulu malire ndi msewu womwewu, kuno Malawi, tsidyalo Mozambiki.

Ndilembe momwe zinakhalira, mbiri isadzandinamizire. Lachitatu lapitali ku ofesi ya bungwe lathu la Tidziwe Mayiko, kuseri kwa chigayo, kunaima mlendo wochokera ku ofesi ya kazembe wina ku Lilongwe. Zaka zisanu ndi chimodzi tikumvera nkhani za mayiko pawailesi n'kumazimasulira anthu pamsika, aka kanali koyamba kuti mayikowo atiyendere. Anakhala mphindi khumi ndi ziwiri. Kabuku kathu ka malamulo a ukazembe kamati mlendo wa boma sachoka chimanjamanja. Ine monga mlembi ndinathamangira kunyumba n'kunyamula thumba loyamba lomwe ndinaona.

Inali mbewu ya Nangozo. Kachewere wofiira uja amene malemu bambo ake anamupatsa tsiku lomwe ndinamutenga chitengwa kudzakhala naye kuno. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akubzala, kukumba, kusankha, kusunga.

Sanalalate. Anayang'ana pakona pomwe panali thumba, n'kutenga chitenje chimodzi, n'kuwoloka.

Aliyense akuti ndipite kwa ankhoswe. Wapampando wathu, a Gwaza, mphunzitsi wopuma, akukana. "Ankhoswe ndi a milandu ya m'dziko. Apa pali malire. Bungwe lakhala likudikira mwayi wotere."

Ndondomeko yomwe tagwirizana:
1. Kalata ya ukazembe.
2. Nthumwi.
3. Zilango za malonda, ngati akuuma mutu.
4. Msonkhano waukulu pamalo opanda mbali.
5. Nangozo kunyumba.

Nthawi ndi yochepa. Ndamva kuti apongozi amupatsa chigawo cha dimba, ndipo akufuna kubzala Loweruka. Akangobzala uko ndiye kuti wakhala. Nangozo sangasiye mbatata m'munda.

Mayi Chisale, msungichuma wathu amenenso timayandikana nyumba, andibweretsera nyemba masana, monga achitira tsiku lililonse. Pali anthu abwino padziko. Mpoto wa mpunga ndaupsereza.

Lachiwiri

Kalata yatha. Masamba awiri, yotayipidwa. Ikuyamba chonchi: "Nyumba ya kuno ikupereka ulemu kwa nyumba ya tsidyalo, ndipo ikukumbutsa za ubale umene wakhalapo pakati pa mbali ziwirizi."

M'ndime yachiwiri ndinaika mawu oti pepani. A Gwaza afufuta. "Dziko silipepesa, a mlembi. Limangomva chisoni ndi zomwe zachitika."

Ola lathunthu tikukangana ngati kalatayi iyenera kukhala m'Chipwitikizi. Pakati pathu palibe amachidziwa. Apongozinso sachidziwa. Tasiya m'Chichewa, koma chidindo tadinda katatu kuti ilemere.

Kukapereka ndekha sindingathe: mkamwini ndi apongozi amathawana, ndipo ine chikwatire sindinawayang'anepo kumaso. A Gwaza akondwa nazo. Akuti mayiko ambiri ali choncho, salankhulana maso ndi maso, amadzera kwa wachitatu. Wachitatu wathu ndi mayi Chisale.

Abwerako pasanathe mphindi zisanu. "Nangozo akuti ngati nyumba yayamba kulemba makalata, iziphikanso yokha."

A Gwaza: "Chachikulu n'chakuti ayankha. Khomo la zokambirana latseguka."

Ndalemba m'buku la bungwe kuti khomo latseguka. Langa ndatseka ndekha, ndagona ndekha, ndipo nyumbayi ikundikulira.

Lachitatu

Tsiku la nthumwi. Tasankha membala mnzathu, a Dzonzi, chifukwa ali ndi jekete ndipo anafikapo ku Tete. Tawaperekeza mpaka m'mphepete mwa tala, tagwirana chanza, tadikira lole ya simenti idutse. Anyamuka naini koloko.

Abwera folo koloko, jekete paphewa, thalauza lili matope okhaokha, m'khwapa muli kabichi awiri.

Lipoti lawo:
- alandiridwa bwino, thobwa kawiri
- Nangozo sanaonde
- akuseka (ndafunsa kachiwiri, akuti inde, akuseka ndithu)
- mizere yayambika kale kudimba. Isanu ndi umodzi aunga ndi a Dzonzi eni ake, "pomanga ubale"
- Nangozo akufuna khasu lake

Pomaliza achita kundiyang'ana. "Achimwene, ine ndamva mbali zonse. Wolakwa ndinu." A Gwaza awadzudzula kuti nthumwi siimva mbali zonse, imamva mbali ya kwawo.

Komiti yavota kuti khasu lisaperekedwe. Katundu wa dziko linalo asungidwe mpaka pangano litasainidwa, ndipo popanda khasu palibe kubzala. Nzeru ndithu.

Ndikufika kunyumba, khasu palibe. Nangozo ali ndi kiyi wake. Wawoloka ife tili kalikiliki kuvota. Chinanso: mpoto uja ndinapsereza Lolemba wakwechedwa mpaka mbee, wavundikiridwa pathandala.

Ndabwerera kukanena. Komiti yakhalanso pansi kuti imasulire mpotowo. A Gwaza akuti ndi chizindikiro chofuna mtendere. A Dzonzi akuti mpotowo ndi wa Nangozo, sakufuna ndiuwononge. Mayi Chisale akungoluka chipewa.

M'nyumba mukumveka fungo la sopo wake. Ndakhala pampando nthawi yaitali osatsegula zenera.

Lachinayi

Zilango zayamba seveni koloko. Membala aliyense wa Tidziwe Mayiko waletsedwa kugula kapena kugwiritsa ntchito chilichonse cha tsidyalo mpaka Nangozo abwere. Tamata chikalata pachitseko cha chigayo.

Zomwe tazindikira kuti zili tsidyalo:
- mafuta ophikira otsika mtengo
- mjigo umene suuma
- wometa tsitsi
- mkazi wa a Dzonzi, amene wapita kukathandiza kudimba
- mtengo wa mthunzi umene timachitira misonkhano kukatentha
- chimbudzi chomwe ofesi yathu yakhala ikugwiritsa ntchito chiyambire

Leveni koloko a Gwaza awoneka akuwoloka mwandawala, osadikira n'komwe minibasi idutse. Pobwera akuti zosowa za thupi sizilowa m'zilango, ndi lamulo la mayiko onse.

Tsidyalo palibe akudziwa kuti alangidwa. Apongozi agulitsa kabichi yense dzuwa lisanafike paliwombo.

Masana mayi Chisale abwera opanda mbale. "Akuti poti mwatseka malonda, mbale nayonso siwoloka."

Ndawafunsa kuti mbale iti. Andiyang'ana ngati mwana wosamva. Ndiwo zonse zija, nyemba, chigwada, mpiru wotendera, amaphika ndi Nangozo. Mayi Chisale amangowolotsa.

Lolemba ndinawauza mayi Chisale kuti nyemba zawo n'zokoma kuposa za mkazi wanga. Akuti anakanena tsiku lomwelo.

Manyazi andigwira. Ndavala nsapato kuti ndiwoloke, zichitike zochitika. A Gwaza andipeza pakhomo. "Mukawoloka lero mwagonja, ndipo mwagonjetsa bungwe lonse. Msonkhano ndi Loweruka. Pirirani."

Ndavula nsapato. Ndadya chimanga chokazinga.

Lachisanu

M'mawa ndaimba foni ku ofesi ya kazembe ija, mwakachetechete, a Gwaza asakudziwa. Mwina thumba likadalipo. Andidutsitsa kwa anthu anayi. Womaliza, mayi wa mawu aulemu kwambiri, akuti bwana anakondwa ndi mphatso ndipo kalata yothokoza ikubwera. Koma mbatatayo inali itatuluka mphukira, ndiye anaona kuti yawonongeka. Anapatsa mlonda kuti akadyetse nkhumba zake.

Mphukirazo ndiye mbewuyo! Ndathokoza, ndadula foni, ndakhala pathumba la gaga kuseri kwa chigayo. Ndimakumbuka bwino malemu bambo ake aja akuika kadengu m'manja mwa Nangozo, amvekere kulikonse ukakhale, usadzagule mbewu. Ndinalipo. Kadenguko ndinawolotsa ndine.

Ndawauza a Gwaza. Iwo amva za kalata yothokoza yokha. Akufunsa mtengo wa felemu yoti adzaikemo kalatayo pakhoma.

Masana onse tikufunafuna malo opanda mbali. Ena akuti malire ali pamzere woyera pakati pa msewu. Ena akuti msewu wonse ndi wathu, malire ndi ngalande ya tsidyalo. A Gwaza ayesa kuika tebulo pamzere woyera. Basi ya ku Blantyre yapereka maganizo ake. Tagwirizana za m'mphepete mwa ngalande: miyendo iwiri ya tebulo kuno, iwiri uko.

Kakhalidwe kavutanso. Kabuku kakuti atsogoleri ayang'anizane. Mwambo ukuti ine ndi apongozi tisaonane. Tigawana pakati: mipando yathu ikhala pafupi, koma yofulatirana.

Chikalata chofotokoza zomwe tagwirizana mawa tachilemba kale lero. A Gwaza akuti n'momwe amachitira kulikonse.

Loweruka

Tsiku la msika, tsiku la msonkhano. Tebulo, nsalu yoyera, timbendera tiwiri ta mapepala, botolo la madzi lomwe taletsedwa kumwa.

Mbali yathu: a Gwaza, mayi Chisale, ine. Mbali yawo: apongozi, a Zuze amene ndi malume ake a Nangozo komanso nkhoswe yake, ndi a Dzonzi. A Dzonzi! Mu jekete lomwelo!

Nangozo palibe. Ndafunsa monong'ona. Ali kudimba. Mbewu wapatsidwa ndi anansi, wina mbale, wina chipewa chodzaza, yamitundumitundu.

A Gwaza ayamba kulankhula. Ayambira pomwe azungu anajambula malire. Anthu a pamsika aunjikana, akuganiza kuti ndi msonkhano wa chipani. Mayi wina akufunsa kuti nsalu zigawidwa nthawi yanji. Wina wayambitsa nyimbo, koma sakudziwa dzina loti aikemo. Kondakitala wa minibasi wakhazika thumba la anyezi la pasinjala patebulo, pakati pa mayiko awiri.

Ine ndikumva msana wa mpando wa apongozi ukugunda wanga nthawi iliyonse akatsokomola. M'maso mwanga muli dimba, ngakhale ndalifulatira.

A Gwaza atapumira kuti ameze malovu, a Zuze akweza dzanja. "Zikomo a tcheya, taphunzira. Funso langa ndi limodzi. Mwini mlanduyu pakamwa ali napo?"

Apa m'pamene ndinayenera kungolankhula. Koma pepala lili m'manja, a Gwaza akundikodola, anthu akundiyang'ana. Ndaimirira, ndawerenga: "Mbali zonse ziwiri zamva chisoni ndi zomwe zinachitikira thumba."

 

Kenaka mawu a apongozi kumbuyo kwanga, otsika, akulankhula ngati kwa mphepo. "Mwana wanga sanakwatiwe ndi bungwe."

A Zuze agamula osaimirira n'komwe. Chitengwa anapereka ndi iwo, ndipo achilanda. Ukwati sunathe, koma Nangozo sawolokanso. Wofuna mkazi abwere adzakhale pachikamwini monga amachitira anzake, amange nyumba, alime munda wa apongozi. Anyamuka, atenga mipando yawo.

A Gwaza auza khamu kuti zokambirana zinali zomasuka ndi zopindulitsa. Anthu awomba m'manja, akadali ndi chiyembekezo cha nsalu.

Madzulo mayi Chisale anditsimikizira. Nangozo wabzala mizere yonse.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi ndamanga katundu: bulangete, malaya atatu, khasu langa, wailesi. Kabuku ka ukazembe ndasiya pampando. Nkhuku zidzatsatira.

Ndawoloka masana, anthu onse akuona. Palibe wandifunsa chiphaso. Wometa tsitsi wangoti takulandirani akamwini.

Nangozo ndamupeza kudimba, sakulima poti ndi Lamulungu, akungoyendera mizere yake manja kumbuyo. Ndamuuza za nkhumba za mlonda. Ndamuuza kuti ndinalakwa, kuti ndimadziwa mbewuyo ndi chiyani, kuti sindingathe kuibweza. Misozi yanditsika pamaso pa a Dzonzi, amene akhala pachulu akudya nzimbe.

Wamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka wati: "Lachiwiri m'mawa chitenje changa ndinali nditapinda kale. Ndinangoti munthuyu awoloke yekha, aime apo, ndimutsatire. Ndikuona kukubwera kalata."

Ndafunsa ngati a Zuze angasinthe maganizo. Waloza mizere. Kachewere amatenga miyezi inayi; akuti tidzakambirana tikakumba.

Andionetsa malo omangapo nyumba, kuseri kwa khola la mbuzi. Ukaima pamenepo umaona bwinobwino nyumba yanga ya malata tsidya la msewu. A Gwaza atumiza kale uthenga wofunsa ngati bungwe lingaibwereke, poti ili ndi chimbudzi.

Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, imvi zayamba, ndine mkamwini watsopano. Mawa faifi koloko ndikuyamba munda wa apongozi. Nangozo wandibweretsera nyemba, wakhala pafupi mpaka ndamaliza, sanafunse ngati zakoma.

M'buku la bungwe alemba kuti mlembi watumizidwa kukagwira ntchito kunja kwa dziko.