Kalongonda wa Amake Yohane

Lolemba

Amake Yohane ali m'chipatala kuyambira mwezi watha. Sakudya. Phala la kumeneko akuti likununkha chitsulo. Dzulo, belu lotulutsa alendo litalira, anandigwira mkono wa jekete nati: "Ndikanapeza kalongonda, ndikanadya."

Chikwatiranire sanandipemphepo kanthu, ngakhale mpango wakumutu. Choncho palibe zokambirana. Lachitatu adya kalongonda.

Zofunika:
kalongonda
mphika wawo waukulu uja
madzi ambiri
nkhuni zambiri
munthu wophika

Chomalizachi ndine. Yohane ali ku Halale, ndipo kalata siphika. Amayi a mumzere wathu kuno ku Soche ndi Angoni, Ayao, Atonga. Kalongonda amangomumva dzina. Ife Alomwe, makolo athu anabwera naye kuchokera kwa Apwitikizi, atamumanga pansonga ya nsalu. Si nyemba wamba. Ukamuphika mwaulesi amazunguza mutu, nthawi zina amapha.

Tinali naye kuseri kwa nyumba, akuyanga pampanda. Dzinja lathali a zaumoyo anabwera ndi zikwanje, akuti masamba amasunga udzudzu. Anatchetcha yense. Udzudzu ulipobe.

Ndakwera basi mpaka ku Limbe. Kumsika ndamupeza kwa mayi wina wa ku Mulanje. Wayang'ana tayi wanga, wafunsa: "Aphika ndani?" Ndati ine. Wayitana mnzake kuti adzandione.

Malangizo ake: madzi akada kutaya, kuthira ena, mpaka ayere. Moto usazime kuyambira m'mawa mpaka nkhuku zilowe. "Ndipo musalawe asanapse, bambo, tingakumveni mukuimba pamsewu."

Ndamuuza kuti madzi ndi moto ndiyo ntchito imene ndakalamba nayo. Ndinkachapa ndi kusita kwa mzungu ku Sunnyside, mpaka dona anagula simbi yamagetsi. Wati: "Kalongonda si malaya."

M'basi anyamata akukangana za Chitaganya. Ine ndafungatira kathumba kanga pamiyendo.

Lachiwiri

Lero ndi la madzi.

Potisamutsira m'nyumba zamalata zino a boma anati madzi adzakhala pakhomo. Sananame. Ali pakhomo la nyumba ya kumapeto, mpopi umodzi wa mzere wonse.

Ndaima ndi ndowa pakati pa amayi, ine mkulu wa mpingo. Nkhani zonse zaduka. Wina wati: "Dutsani, abambo." Ndakana. Ndawauza kuti lamulo ndi lamulo, wofika pambuyo amatunga pambuyo.

Ndafika kutsogolo dzuwa lili paliwombo. Mpopi watsokomola, walavula dzimbiri, watonthola.

Mawu kumbuyo kwanga: "Akanangomvera." Ndamva, koma sindinacheuke.

Ndatsikira kumtsinje umene tinkamwa titangofika mu Kabula muno. Masiku amenewo munthu unkaona mchenga pansi. Lero muli:
thovu la sopo
mafuta a galimoto
zitini
nsapato imodzi
china chimene sindilemba

Ndabwerera ndi ndowa youma.

Che Saidi, mnansi wanga woyendetsa lole, andigawira madzi a m'diramu mwawo. Ndaviika kalongonda. Okwanira kuphikira palibe. Lachitatu lija lasanduka Lachinayi.

Lachitatu

Madzi ndapeza pang'ono. Lero ndi la nkhuni.

Amake Yohane ankatola nkhuni m'munsi mwa phiri, n'kubwera phala lisanazizire. Ndimayesa zikadali choncho. M'munsimo tsopano muli zitsa zokhazokha, ndipo zitsazo ena ayamba kukumba. Mvula yang'amba dothi, zigwembe zolowa munthu mpaka m'chiuno. Mitengo yathawira pamwamba, ndipo pamwambapo ndi pa boma.

Ndakwera. Mawondo akudandaula, sindikuwayankha. Sindinadule mtengo wamoyo ngakhale umodzi, nthambi zouma zokha. Ndamanga mtolo wooneka bwino.

Potsika ndakumana ndi mlonda wa nkhalango, wovala khaki. Ndi Filimoni, amene ndinamuimika pa mgonero chaka chatha chifukwa cha mowa. Wavula chipewa mwaulemu wonse.

"Pepani, abambo. Lamulo ndi lamulo. Munatiphunzitsa ndinu."

Watenga nkhwangwa yanga, akuti ndikaifunse ku ofesi. Mtolo wasenza yekha. Ndaima ndikumuyang'ana akutsika. Njira imene walowera si ya ku ofesi.

Masana kuchipatala. Amake Yohane achepa, bulangete likuoneka ngati mulibe munthu. Afunsa: "Wapsa?"

Ndati: "Ali pamoto."

Bodza, pakamwa pa mkulu wa mpingo. Ndalilemba pano kuti lisabisike.

Lachinayi

Ndakumbukira kuti mwezi uno ku Sunnyside amadulira mitengo. Ndavala jekete, ndapita wapansi.

Kumeneko mpopi sutsokomola. Paipi yamphira ikuthirira udzu umene palibe amaudya, madzi akusefukira mumsewu. Ndaima pang'ono ndikuwerengera m'mutima kalongonda amene akanapsa ndi madzi amenewo. Ndasiya, ndi tchimo la kusirira.

Azungu anga anasamuka, m'nyumbamo muli ena. Wa m'dimba waunjika nthambi mulu wotalika kuposa ine, akukoleza moto. Ndamupempha akandinenere. Wabwera ndi yankho: "Dona akuti nthambi sizituluka pageti, anthu angazolowere." Koma dona ndi wachifundo, wanditumizira malaya akale. Pamsana ndi opserera, chipsera chake chofanana ndendende ndi simbi. Simbi yanga yamakala sinachitepo zotere.

Mulu uja wayaka ine ndikuona.

Pobwera ndapeza Che Saidi anditulira matabwa a mabokosi a tiyi. Ndaika mafuwa kuseri kwa nyumba, ndatereka mphika. Tsopano bodza ladzulo lasanduka choona.

Matabwawo akuyaka ngati udzu wa m'chilimwe: lawi lalikulu, phokoso, kenaka phulusa. Madzi ada kamodzi, bii ngati inki. Ndataya, ndathira ena. Asanawire, matabwa atha.

Kalongonda akadali ngati miyala. Kuchipatala sindinapite. Ndikanakanena chiyani?

Lachisanu

Mmamawa Che Saidi agubuduza tayala lakutha la lole. "Achimwene, ili limayaka tsiku lonse, simudzafunanso nkhuni." Ndakayika. Koma ndilibe china.

Kuyaka likuyakadi.

Utsi wake wakwera, waganiza, watsikanso. Walowa m'mazenera a mzere wonse. Ana akutsokomola, nkhuku zathawa. Pachingwe cha a Nyaphiri, a nyumba yachitatu, panali matewera oyera a khanda lawo. Anali oyera.

A Nyaphiri abwera atanyamula thewera limodzi ndi zala ziwiri. Sanakalipe. Angofunsa: "Abambo, si inu munkayeretsa za azungu?"

Ndikanakonda akanakalipa.

Kenaka kapitawo wa lokeshoni. Akuti moto wotere ndi woletsedwa, utsi ukuoneka mpaka ku Mandala, azungu angayese kwabuka chipolowe. Walamula kuti ndizime. Ndisanatsegule pakamwa wanyamula ndowa zanga zonse, madzi amene ndaimira pamzere dzulo ndi lero, wakhuthulira pa tayala.

Madzi anga!

Pamene ndimalimbana ndi kapitawo, Che Saidi anavundukula mphika, natapa dzanja lodzaza. Kwawo nyemba ikafewa khungu ndiye kuti yapsa. Ndinaiwala kuwachenjeza. Ndawapeza atakhala pansi, atakumbatira gudumu la lole yawo, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, lole ndaimitsa, koma msewu ukupitabe."

Akazi awo akundiyang'ana ngati mfiti. Ulendo wa ku Zomba walephereka, katundu wa eni wagona pa lole. Pofika masana msewu waima, Mulungu ngwabwino. Che Saidi alumbira kuti chakudya cha Alomwe sadzachikhudzanso, ngakhale nthochi.

Kuchipatala ndafika belu lili pafupi kulira. Mawu a amake Yohane atsika, ndachita kuweramira pakamwa pawo.

"Kodi mukuphikira pa nyali?"

Ndati mawa. Atseka maso. Sindikudziwa ngati anali kuseka.

Loweruka

Ndafika pampopi kusanayere bwino. Wina wati: "Dutsani, abambo." Ndadutsa.

Nkhuni za lero:
mpanda wa kuseri, poti palibenso choyangapo
mpini wa khasu
mpando wa alendo
tebulo lositira

Tebulo limeneli azungu anga anandipatsa tsiku londichotsa ntchito. Ndi la mlombwa, pakati pake ndi posalala chifukwa cha dzanja langa. Nkhwangwa ili ku ofesi, choncho ndaliphwanya ndi mwala. Layaka bwino, modekha, mosafulumira. Linali tebulo laulemu mpaka kumapeto.

Sindinauze munthu aliyense za amake Yohane ndi pempho lawo. Koma pano makoma ndi opyapyala. Ndikukankhira moto, ndamva ndowa ikutulidwa kumbuyo kwanga. A Nyaphiri. Atula, apita. Kenaka akazi a Che Saidi, nkhuni zitatu, nkhope atayang'ana kumbali. Kenaka ena, wina chikuni, wina chitini cha madzi. Sindinapemphe. Sindinakane.

Kutaya, kuthira. Kutaya, kuthira. Madzi akuda asanduka ofiira, ofiira asanduka ngati tiyi wa munthu wosauka. Amake Yohane ankachita zimenezi mwana ali kumbuyo, ine ndikufunsa chifukwa chake chakudya chachedwa.

Nkhuku zikulowa, madzi ayera. Ndafinya mmodzi, wafewa. Ndathira mchere. Ndalawa ndekha, ndakhala pakhonde kudikira ngati msewu uyambe kuyenda. Sunayende.

Ndaika m'mbale, ndavundikira, ndamanga ndi nsalu yoyera. Ndayenda mofulumira kuposa msinkhu wanga. Geti la chipatala ndalipeza lotseka.

Mlonda: "Mawa, madala. Odwala sathawa."

Lamulungu

M'tchalitchi ndakhala pampando wa akulu, mbale ili pansi pakati pa mapazi anga. Filimoni waimba mokweza kuposa onse.

Amake Yohane awasamutsira pabedi la pafupi ndi khomo, atchinga ndi nsalu. Namwino waona mbale, wanditengera pambali. Akuti kuyambira dzulo masana ngakhale madzi sakutsika. Dzulo masana ine ndinali kuphwanya tebulo.

Sanandiletse kulowa nayo.

Ndamasula nsalu. Atsegula maso. Atambasula dzanja pang'onopang'ono, atola mmodzi, amufinya pakati pa zala monga ankachitira pakhomo. Amufikitsa pamphuno.

"Wapsa," atero. Kenaka: "Koma akununkha tayala."

Ndati ndi mphepo ya m'tauni.

"Mwaphika nokha?"

Ndafuna kunena kuti ndekha. Ndati: "Ndi mzere wonse."

Agwedeza mutu. Kukamwa sanamufikitse. Amufumbata m'dzanja, dzanjalo aliika pachifuwa. Ndakhala pambali pawo. Ife sitinazolowere kulankhulana zambiri, ndipo lero si tsiku loyambira.

Belu litalira anena ziwiri. Choyamba: wotsalayo ndikagawire amayi a mumzere, Che Saidi ndiwapatse wambiri. Chachiwiri: "Mphika wanga musausiye wakuda."

Ndagawa monga ananenera. Ana a mumzere akuti ndi wokoma. Che Saidi alandira mbale ndi manja awiri, aiyang'ana nthawi yaitali, adya mmodzi atagwira khoma.

Kwa Yohane nditumiza lamya mawa.

Lero mpopi ukutuluka madzi ambiri, ndipo palibe woimapo. Ndatunga. Ndakhala pansi, poti mpando palibe, ndikukwecha mphika ndi mchenga, kenaka ndi phulusa la tebulo langa, kenaka ndi mchenganso. Mwaye wa nkhuni wachoka. Wa tayala wakana.

Zaka zonsezi ndayeretsa za eni. Mphika wa amake Yohane ndauviika, ndiyesanso mawa.