Peni ya Malemu Aphunzitsi a Gama

Mapeni a masiku anowa, amene mumawatafuna chitsekerero n'kuwataya m'ngalande inki ikatha, sangafanane ndi peni ina imene inali ku Balaka kalelo, yakuda, yolemera m'manja, yomwa inki m'botolo. Mwambi wa phula uja mumaumva unachokera pa peni imeneyo, ndipo zinayenda chonchi.

Mwini wake anali aphunzitsi a Elia Gama. Atamwalira, mwana wawo Nagama anaipeza pansi pa sutikesi itachita mbuu. Pathupi pake panali pozokotedwa dzina lawo, ndipo poti pamanda panalibe chiliza, dzina la mkuluyo linatsala pamenepo pokha. Nagama ankafuna kuti mwana wake Lute, amene ankayamba uphunzitsi Lolemba lotsatira, akalowe nayo m'kalasi ikuwala.

Mwamuna wa Nagama anali a Wadisoni Mbewe. Anagwirapo ntchito ku migodi ya malasha ku Wankie zaka zinayi, ndipo chibwerere sanafunsepo munthu kanthu, ngakhale njira.

"A Mbewe, mupite nayo kwa Che Amidu okonza mawotchi aja, akakuuzeni katsukidwe kake," anatero Nagama.

"Ine? Ku Wankie mapeni a bwana ankatsuka ndani?"

"Paja munkati munali wa fosholo."

"Fosholo inali ya m'mawa, mayi a Lute."

Anapalasabe njinga. Pakhonde pa Che Amidu panali amuna akusewera bawo, ndipo a Mbewe atawaona anatukumula chifuwa. Che Amidu anaika kagalasi padiso, n'kuitembenuza peniyo kawiri.

"Achimwene, mukudziwa chimene mwanyamula? Iyi ndi ya ku Mangalande, nkhondo yachiwiri isanayambe. Nibu yakeyi, kansonga kolemberaka, yalembedwa 14, ndiye kuti golide." Anaikhutiza peniyo pachala n'kuwanunkhitsa a Mbewe. "Mwamva fungo la tayala? Si pulasitiki ameneyu, ndi mphira wouma. Tsono potsuka, madzi ake asakhale..."

"Zonsezo ndikuzidziwa," anatero a Mbewe mokweza, kuti a bawo amve.

"Pepani, katswiri saphunzitsidwa."

Che Amidu anatenga chinthu chachikasu, chachikulu ngati dzira, n'kuchikulunga papepala pamodzi ndi kansalu kofewa. "Chofunika ndi ichi. Pang'onopang'ono, osati chonse nthawi imodzi."

Kwathu mlendo akamatsanzika n'kupatsidwa kaphukusi, amadziwa kuti ndi kamba wa panjira. A Mbewe anathokoza, ndipo atafika pamlatho anatsika njinga n'kumasula. Chinkanunkhira uchi. Analuma. Chinakakamira m'mano, kutafuna osatha, kumeza chosatsika. Mumtima munabwera funso, koma kubwerera kukafunsa pamaso pa anthu a bawo aja? Anati mwina maswiti a anthu a kumzikiti amatero. Anadya pang'onopang'ono monga anauzidwira, mpaka chinatha, n'kupukuta pakamwa ndi kansalu kaja.

"Munthu waulemu Che Amidu," anatero. "Mpaka chopukutira."

Kunyumba anapeza Nagama atapita kuchigayo. Anawiritsa madzi m'poto kuti inki yakale isungunuke, n'kuponyamo peni. Poivuula inali itasanduka yofiirira ngati fodya wouma, itapindika ngati nthochi. A Mbewe anaphethira kawiri.

"Ndi litsiro limeneli, latulukira kunja."

Anatapa mchenga ndi phulusa, monga amayi amakwechera mapoto, n'kuikwecha mpaka thukuta kamukamu. Kufiirako sikunachoke, koma peniyo inasalala see.

Nagama atafika anatula ufa n'kuima chilili.

"Ichi n'chiyani?"

"Peni. Ikazizira iwongoka."

Anaitenga, n'kuyendetsa chala pathupi pake. Anaitembenuza, n'kuyendetsanso.

"Dzina la bambo anga lili kuti?"

A Mbewe anayang'ana mumchenga muja ngati zilembozo zagweramo. Nagama sanalire, sanakuwe, ndipo zimenezo ndi zimene zinawaopsa kwambiri. Anangoti, "Tiyeni." Ulendo wa kwa Che Amidu mkazi anali patsogolo, mwamuna pambuyo, njinga itatsala.

Che Amidu ataiona, kagalasi kanagwa padiso.

"Kalanga ine! Mwaiphika?"

"Ndinangoifunditsa."

"Mwaikwecha ndi chiyani, njerwa? Nanga phula lija?"

"Phula liti?"

"La njuchi, ndinakukulungirani lija! Lopaka pang'ono n'kupukuta ndi kansalu."

A Mbewe anagwira pamimba. Bawo inaima, wina dzanja lili m'malere.

"Achimwene," anatero Che Amidu motsitsa mawu, "mwadya?"

A Mbewe anavomera ndi mutu.

"Lonse?"

"Munati pang'onopang'ono."

"Limene lija ndapakira malamba a mawotchi a anthu chaka chathunthu! Thukuta la Balaka yense lili mmenemo!"

Palibe anaseka msanga. Anthu anangoti kukamwa yasa, kuyang'ana mimba ya a Mbewe ngati iyankhapo. Che Amidu anazula nibu ija mosamala n'kuipereka kwa Nagama ndi manja awiri.

"Mayi, chapulumuka ndi ichi. Dzinalo sindingalibwezere."

Nagama anaimanga pansonga ya chitenje. "Funso limodzi, a Mbewe. Mukanangoti ‘ichi n'chiyani,’ bambo anga bwenzi ali ndi dzina."

Lolemba Lute anakalowa m'kalasi ndi pensulo.

Amene ankaidziwa bwino nkhaniyi anali malemu agogo anu aakazi, ndipo ndikaphonya ankandikonza. Ku Balaka ndinachokako kalekale, zina zayamba kundithawa. Wina mwa inu ailembe, ndipo pomaliza aike mawu amene Nagama anauza anthu a bawo aja, chala chikuloza mwamuna wake:

"Muwaone bwino awa, mukauze ana anu. Safunsa anadya phula."