Nkhosa ya a Kachepa ndi Udokotala Wanga

Nkhani iyi mkazi wanga amakonda kuikamba kukabwera alendo, ndipo amathira mchere wambiri moti ine ndimangonamizira kukaona njinga panja. Ndiye ndati ndiikambe ndekha, mwina manyazi ake angapepuke. Ndikuuziranitu kuti mwa onse amene ali m'nkhaniyi, nkhosa ndi imene inatuluka ndi ulemu wake, ngakhale inatuluka yosavala.

Ine ndimagulitsa m'shopu ya mbewu, feteleza ndi mankhwala a ziweto pa Bembeke. Shopuyo si yanga. Mwini wake anandigulira chovala choyera chofika m'maondo kuti fumbi la feteleza lisamandidetsere malaya, ndipo alimi ataona chovalacho anayamba kunditchula adokotala. Kusukulu ya ziweto sindinapondeko ngakhale pakhonde. Zonse zimene ndimadziwa ndi zowerenga pamabotolo kukakhala kopanda makasitomala. Koma dzinalo linkakoma m'khutu, ndipo sindinalikanepo (ndani amalavula uchi?).

Nthawi imeneyo ndinali pa ubwenzi ndi Selina, namwali wa ku Lobi amene ankaphunzitsa ana a mkaka pafupi ndi shopu yathu. Zinthu zitafika poti tikaonekere, iye anati tiyambire kwa malume ake, a Kachepa, chifukwa kwawoko mawu a bambo amenewa ndi amene amamanga kapena kumasula.

A Kachepa anakalambira pa chiwongolero cha lole, kupita ku Joni, ku Beira ndi kwina konse. Anzawo pobwera ku maulendo ankabweretsa mawailesi ndi masofa. Iwo ankabweretsa zamoyo. Kuseri kwa nyumba yawo kuli atsekwe, nkhanga zoyera, nkhukundembo, mbira, nkhunda za nthenga m'miyendo, afulu awiri ndi bulu mmodzi amene sanasenzepo ngakhale mtolo wa nkhuni. Sagulitsa, sadya. Amangoweta kuti aziziona, ndi kuonetsa aliyense amene walakwitsa n'kukhala pansi pakhomo pawo.

Tinapita kwawo ku Lobi Lamlungu lina mu Ogasiti, Misa itatha, mphepo ikuwomba ngati yatumidwa. Tikutsika pa njinga yamoto, Selina anandikoka dzanja.

"Chonde, mukalankhule pang'ono," anatero. "Akakufunsani chimodzi, muyankhe chimodzi."

"Usadere nkhawa," ndinamuyankha. (Mawu amenewa akatuluka pakamwa panga, muzidziwa kuti nkhawa ndiye yafika.)

Anatilandira bwino. Akazi awo, a Nambewe, anabweretsa thobwa, tinapatsana moni wautali, anandifunsa za kwathu ndi za mpingo. Kenaka a Kachepa anaika chikho pansi n'kundiyang'ana.

"Ndamva kuti ndinu adokotala a ziweto."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanati, "Iyayi malume, ine ndimangogulitsa." Mawu anayi okha. Ine ndinakonza kolala n'kunena kuti, "Timayesetsa, malume."

"Ndiye Mulungu wakutumani. Tiyeni kuno."

Tinadutsa atsekwe amene anandikuwiza ngati akundidziwa, tinadutsa afulu, mpaka tinafika pa kakhola katsopano ka mapaini. M'katimo munali chinthu chimene poyamba ndinayesa matiresi akale amene mvula yawanyowetsa. Kenaka matiresiwo anayenda. Nkhosa zathu mukuzidziwa, ubweya waufupi ngati wa mbuzi, mchira wonona. Iyi ubweya wake unali wopotanapotana, wolendewera pafupifupi kukhudza pansi, wodzaza chisoso ndi zitsotso. Maso sankaoneka. Khosi linali lamakwinya ngati la nkhalamba yovala majuzi atatu.

"Ndinaigula sabata yatha kwa munthu wina wa ku Mozambiki, kumalire uko," anatero a Kachepa. "Nditamufunsa mtundu wake anangoti ndi nkhosa. Ndafunsa mudzi wonse, palibe akudziwa. Ine sindigona nacho chinthu pakhomo osachidziwa dzina. Tandiuzani, adokotala."

Ndinati ndiyambe ndaona kanthu pa foni. Netiweki kunalibe. Ndinakwera pachulu chapafupi, foni m'mwamba ngati ndikudalitsa munda wa mbatatesi, koma ayi ndithu. Potsika ndinapeza anthu awonjezekera, a Nambewe, Selina ndi azibambo awiri oyandikana nawo nyumba, onse akudikira.

Ndinalowa m'khola. Ndinakumbukira chithunzi china cha pakhoma la shopu chosonyeza munthu akuyang'ana mano a mbuzi, ndiye nanenso ndinaikanula kukamwa. Mano analimo. Ndinagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ehe." Ndinaigwira khutu, "Ehe." Ndinazungulira kumbuyo, "Eheee." Nthawi yonseyi m'mutu mwanga munali mbee, kupatula shelefu ya m'shopu ndi mabotolo ake oyera. Ndipo dzina la pa botolo lina linangotsetsereka lokha kufika palilime.

"Iyi ndi Alubenda," ndinatero.

"Alu chiyani?"

"Alubenda, malume. Ya ku Ositireliya." (Ku pulayimale tinaphunzira kuti kumeneko nkhosa n'zambiri. Aphunzitsi anga asadandaule, china chinatsalako.) "Sizipezekapezeka. Kuno ku Dedza mwina ndi inu nokha."

Nkhope ya a Kachepa inawala ngati mwana amene wapatsidwa nsapato za Khirisimasi. Analibwereza dzinalo katatu, kulilawa. Ndikanalekera pomwepo, mwina bwenzi lero ndikuyenda momasuka ku Lobi. Koma iwo anafunsanso.

"Nanga mimbayi yakula chonchi bwanji? Si matenda?"

Ndinagwada, ndinapisa manja mu ubweya muja mpaka m'zigongono, ndinatseka maso ngati ndikumvetsera za kutali. Chimene ndinamva ndi fungo lokha basi.

"Si matenda," ndinatero podzuka. "Ili ndi bere. Ndipo mmene ndamveramu, ndi mapasa."

A Nambewe anatsokomola, anayang'ana Selina, n'kubwerera kukhitchini. Ine ndinayesa ndi mphepo ya Ogasiti. A Kachepa anandigwira chanza ndi manja awiri. Pobwerera anatimangirira thumba la mbatatesi pa njinga, n'kuuza mdzukulu wawo mokweza kuti, "Selina, apa wasankha munthu."

Panjira Selina anandifunsa kuti, "Zimene mwanena zija mukuzidziwadi?"

"Mbali yaikulu," ndinatero.

Patapita masabata atatu uthenga unabwera woti malume akundifuna Loweruka. Ndinapita mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti tikakamba za chinkhoswe. Nditangokhota pa nyumba ndinaona chikwangwani chopentedwa bwino ndi utoto wobiriwira, chokhomedwa pa khola: ALUBENDA, NKHOSA YA KU OSITIRELIYA. CHONDE OSAPANGA PHOKOSO, NDI YOYEMBEKEZERA.

Pabwalo panali anthu a mphakati wonse wa kutchalitchi kwawo, amayi pamphasa, abambo pamabenchi. Nkhosa ija inali itafunditsidwa bulangete, kutsogolo kwake kuli beseni la madeya osakaniza ndi soya. A Kachepa anandiuza monyadira kuti mwana mmodzi alonjeza kale kwa bambo mfumu a ku parishi, winayo adzatipatsa ife tsiku la ukwati.

"Komanso ndaitana alangizi a ziweto," anatero. "Tsiku lobereka mudzafuna wokuthandizani. Ndati mudziwane, akatswiri okhaokha."

Ndinayang'ana njira ya kumunda, ndinayang'ana nsapato zanga, ndinaona kuti sindingafike patali. Nthawi yomweyo njinga yamoto inaima, panatsika mayi wamfupi wovala magambutsi, chikwama chili paphewa. Anapereka moni kwa onse, kenaka anaima pa chikwangwani paja. Anawerenga. Anawerenganso.

"Bambo, Alubenda ndiye chiyani?"

"Funsani adokotala anzanuwa," anatero a Kachepa akundiloza.

Mayi uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kodi si inu a m'shopu ya pa Bembeke? Amene munandigulitsa majekeseni mwezi watha?"

"Ndine, mayi," ndinayankha ndi mawu a mwana wa sukulu.

Sanandinyoze, ndipo mpaka lero ndimawathokoza. Anangotsegula chikwama, anatulutsa botolo loyera n'kupereka kwa a Kachepa. Iwo anavala magalasi, anatalikitsa botololo, n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono, mokweza, kuti mphakati wonse umve.

"A-lu-be-nda-zo..." Anaima. "Amenewa ndi mankhwala a chiyani, mayi?"

"A njoka za m'mimba."

Pabwalo panali zii. Ngakhale atsekwe anakhala chete, zimene sizinachitikepo.

Alangizi aja analowa m'khola, anachotsa bulangete, anaigwira nkhosa mwaluso n'kuikhazika pansi chokhala ngati munthu. Anapatula ubweya wa kumimba, anayang'ana kamodzi kokha.

"Bambo Kachepa, pepani. Iyi ndi mphongo. Ndipo inafulidwa kalekale."

"Ine ndinaona tsiku loyamba lomwe mmene imatayira madzi," anatero a Nambewe ali pamphasa, osakweza n'komwe mawu. "Koma ndani angatsutse adokotala?"

Ndiye kunaphulika. Amayi anagwerana pamphasa, wina akupukuta misozi ndi chitenje. Mkulu wina wa mpingo, amene makutu ake amamva mochedwa, anafunsa kuti, "Ndiye mwana wa bambo mfumu uja abadwa liti?" Apo ndiye anthu anatheratu. Selina anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka.

A Kachepa okha sanaseke. Anatembenukira kwa alangizi. "Chabwino mayi. Ndiye ndi mtundu wanji?"

"Sindikudziwa bwinobwino, bambo," anatero mayi uja, mosavuta ngati akupempha madzi akumwa. "Ubweyawu ukufanana ndi wa nkhosa zotchedwa Merino, koma miyendo ndi mutu zikuoneka kuti pali magazi ena. Ndiijambula, ndifunse anzanga amene anaziwetapo. Chimene ndikudziwa n'chakuti ikufunika kumetedwa msanga kusanatenthe. Mmenemu muli nkhupakupa, ndipo mimba mukuionayo theka lake ndi ubweya."

Ndinadabwa kwambiri. Munthu wa satifiketi yake, wanena kuti sakudziwa pamaso pa anthu onsewa, ndipo thambo silinagwe. A Kachepa anachita kumuthokoza.

Anthu atayamba kubalalika anandiitanira kuseri, pafupi ndi afulu. Ndinadziwa kuti ukwati wathera pano, pakati pa zitosi za nkhanga.

"Bwanji simunangonena kuti simukudziwa?"

Bodza linali litanditheratu m'thumba. "Ndinkafuna mundikonde, malume. Ndinaopa kuti mukamva zoti ndimangogulitsa m'shopu, munena kuti Selina akutaya nthawi."

Anayang'ana fulu amene ankalimbana ndi tsamba la kabichi.

"Ine ndinali dalaivala," anatero. "Ndikasochera ndinkatsitsa galasi n'kufunsa. Amene safunsa ankakathera ku dziko la eni ndi katundu wa bwana." Kenaka anakuwa, "Nambewe! Tabweretsani sizasi yanu ija yodulira nsalu."

Anandipatsa m'manja. "Mwamva zimene anena alangizi. Wodwala wanu uyo."

Abale anga, musadzayerekeze kumeta nkhosa ndi sizasi ya telala. Ndinayamba dzuwa lili pamutu, ndinamaliza litapendekera kumapiri. Selina anagwira miyendo yakutsogolo, akuseka mpaka kutsamwa, ndipo nthawi iliyonse nkhosa ikaphiriphitha ankati, "Pang'onopang'ono adokotala, mungapweteke mapasa." Zala zanga zinatuluka matuza. Nkhupakupa ziwiri zinasamukira kwa ine, ndinakazipeza kunyumba. A Kachepa anakoka mpando n'kukhala pamthunzi, akundilondolera ngati akuimika lole: "Kumanzere. Mwasiya pakhosi. Bwererani pang'ono."

Ubweya utatha, chimene chinatsala chinali kanyama kowonda, kamiyendo italiitali, kometedwa mokwera ndi motsika ngati mutu wa mwana amene wametedwa ndi mnzake. Kanaima, kanadzigwedeza, kanadumpha kawiri ngati kamwana, n'kuthamangira ku beseni la madeya. Apo ndi pamene a Kachepa anaseka, kuseka kwenikweni kogwira m'nthiti, mpaka magalasi anagwa.

"Tayiwonani yasangalala," anatero. "Ntchito iyi yokha mwaigwira bwino. Tiyeni mukasambe m'manja, tidye."

Yankho la alangizi linabwera patapita masabata angapo. Anzawo anagwirizana kuti ndi Merino yosakanizika ndi mtundu wina umene aliyense anatchula wake. A Kachepa anakhutira. Chikwangwani anachipentanso, koma dzina linakana kuchoka. Mpaka pano nkhosayo mukaitana kuti Alubenda imabwera, ndipo ine ndikatsika pa Lobi, a kabaza amandiitana chimodzimodzi.

Chinkhoswe chinachitika mvula isanagwe. Itafika nthawi yoti a Kachepa alankhule monga mwini mbumba, anaimirira, anakonza jekete, anayamikira abale anga, n'kunena kuti mkamwini wawo ndi munthu wolimbikira ntchito amene sathawa ngakhale zitavuta. Ine mtima unayamba kukhala pansi. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Mwana wathu tikukupatsani ndi manja awiri. Pempho langa ndi limodzi lokha. Akadzakhala woyembekezera, chonde musadzamupime ndinu. Mudzapite naye kuchipatala."

Nthungululu zimene zinalira pamenepo sindinazimvenso kwina.

Kuchokera tsiku limenelo ndinalumbira kuti ndiphunzira kunena kuti "sindikudziwa", ndipo ndimayeserera ndithu, nthawi zina ndili ndekha panjinga. Kungoti mpaka lero mawuwa amatuluka bwino pokhapokha Selina akafunsa amene wamaliza shuga.