Mpeni wa Adona ndi Tambala wa a Mwale

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, koma poti anthu a ku Mkaika amaifotokoza mothira mchere, bola ndidziyalutse ndekha.

Nkhondo ya Jeremani itatha, ine ndinali mphunzitsi pasukulu ya mishoni, mnyamata wa jekete limodzi koma matama a majekete khumi. Tsiku lina adona, akazi a mbusa wachizungu, anandipatsa mpeni pothokoza kuti ndinkawaphunzitsa Chinyanja.

"Uwu ndi stainless steel, Yosefe," anatero. "Chitsulo chake anachisakaniza ndi china chotchedwa kromiyamu. Suchita dzimbiri."

Ntchito yake sindinafunse. Ndinangouviika m'madzi amchere masiku atatu, ndipo unatuluka uli waliwali. Basi, mutu unandikula.

Masiku amenewo ndinkafunsira Esitere, ndipo ndinkamukonda moti chakudya sichinkapita. Koma mawu omaliza anali ndi atsibweni ake, a Mwale, mmisiri wosula makasu ndi nkhwangwa. Iwo ankati mphunzitsi ndi munthu wolima ndi pakamwa. Akanakana, ukwati panalibe.

Tsiku lokumana ankhoswe ndinapita ndi achimwene anga a Lazaro, amene anakhalapo kuki wa mzungu ku Boma. Tinakhala pamphasa, pafupi ndi pamene a Mwale ankasulira. Atatulutsa kampeni kawo kakuda kuti aphe tambala wa alendo, pakamwa panandiyabwa.

"Pepani atsibweni, kodi alendo adye nkhuku yophedwa ndi dzimbiri?"

Ndinasolola mpeni wanga m'jekete. Amayi onse, "Iii! Siliva!"

"Si siliva, amayi. Stainless steel! Ngakhale ugone pamvula chaka chathunthu, dzimbiri ayi!"

A Mwale anaulandira, nauyesa ndi chala, nayang'anitsitsa nsonga yake yobulungira. Kenaka anandibwezera ndi manja awiri.

"Ngokongola ndithu. Ndiye muphe ndinu, aphunzitsi."

A Lazaro ananditsina pantchafu. Ine ndinayesa akundilimbitsa mtima.

Ndinamuponda tambalayo mapiko ndi miyendo, ndinagwira mutu, cheke! Palibe. Cheke cheke! Tinthenga tiwiri. Tambala anangondiyang'ana ndi diso limodzi, ngati akufunsa kuti tiyamba liti.

"Wafa kodi? Madzi awira kuno!" anafuula amayi ake a Esitere ali kukhitchini.

"Watsala pang'ono, amayi!"

Ndinavula jekete. Ndinacheka monga amachekera matabwa, thukuta lili kamukamu, nthenga zikuuluka. Potsiriza tambala anatseka maso, nakhala zii. Mtima unakhala pansi. Ndinachotsa mapazi, ndinaimirira, n'kukweza mpeni kuti onse auone. Unali woyera mbee.

"Mwaona? Ngakhale magazi sagwira!"

Ndisanatseke pakamwa, malemuwo anadzuka. Anadzikutumula fumbi, nauluka mpaka padenga la nkhokwe, khosi lili mbulanda.

"Kokoliliko!"

Anthu inu, chiseko chake! Mayi wina anagwa pampando. Esitere anabisa nkhope m'nsalu, ndipo ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinadziwa kuti mkazi ndamuphonya chifukwa cha pakamwa panga, ndipo zinandiwawa zedi.

"Ndimakutsina dala, iwe," ananong'ona a Lazaro, koma monong'ona mwake mudzi wonse unamva. "Umenewo ngopakira bata pabuledi!"

Chiseko chinayambiranso. A Mwale nawonso mapewa anayamba kugwedezeka, mpaka anapukuta misozi.

"Ndakalamba ndikusula," anatero, "koma chitsulo chometa nkhuku ndachiona lero."

Ndinatola jekete langa kuti ndizipita.

"Khalani pansi, aphunzitsi. Inu a Lazaro, mng'ono wanuyu abwere adzamange nyumba pamudzi pano. Mwamuna wolimbana ndi tambala mpaka kumugoneka tulo, osamukanda n'komwe, mwana wa mlongo wanga sadzamupweteka. Koma tsiku la ndiwo ya nkhuku, chonde aziitana ine!"

Kunyezimira si kuthwa, kaya ndi mpeni, kaya ndi mphunzitsi.