Chipika cha a Sindiima

Aliyense amene anakhalapo mumsewu wathu akudziwa kuti malemu a Sindiima ankapereka moni mozungulira. Ukaima pageti, iwo ankadutsa pa njinga yawo yamoto n'kunena kuti, "Mwadzuka..." n'kupita kukakhota pa mtengo wa magetsi, n'kubwereranso, "...bwanji, mayi?" Yankho lako ankadzalimva pa ulendo wachitatu. Sikuti anali odzikuza. Anali aafupi, njingayo inali yaitali, ndipo mapazi awo sankafika pansi.

Tinawaika m'manda mwezi wathawu. Ine ndine telala, nyumba yanga inayang'anizana ndi yawo, ndipo makina anga amakhala pakhonde. Zimene ndikunenazi ndakhala ndikuziona kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Njingayo anaigula atapuma pantchito yawo ya zamagetsi. Sinali ngati tinjinga tonyamula anthu m'tauni iti. Inali chinjinga chakuda, cholemera kuposa amuna asanu, chokhala ndi galasi lotchinga mphepo, wailesi, mabokosi atatu a katundu, ngakhalenso giya yobwerera m'mbuyo ngati galimoto. Mpando wakumbuyo unali ndi potsamira msana ndi poika mikono, ngati wa bwana mu ofesi. Akuti wogulitsa anawayang'ana miyendo n'kuwauza kuti ilipo ina yaifupiko.

"Ine ndikufuna yopita kutali," anatero. "Yoimaima mugulitse kwa ena. Ine sindiima."

Dzina linachokera pamenepo.

Kutali ankapitadi. Ankasowa masiku khumi, pena masabata atatu, n'kubwera galasi litada ndi tizilombo. Panjira ankaima pomwetsera mafuta pokha, poti pamakhala kasimenti kokwera koponda. Maloboti akafiira ankayamba kuchepetsa liwiro ali kutali, n'kumakwawa ngati bilimankhwe mpaka abiriwire.

Tsiku lina wapolisi wachilendo anawakwezera dzanja pamphambano yathu.

"Imani, bambo!"

"Ndamva, bwana," iwo akumuzungulira.

"Ndati imani!"

"Muli angati pamenepa?"

"Awiri. Bwanji?"

"Simukwanira."

Wapolisiyo anaumirira. A Sindiima anaima. Njinga inakhala ngati ikuganiza kaye, kenako inagona chammbali, wailesi ikuimbabe. Kuti idzuke panafunika apolisi awiriwo, dalaivala wa basi ndi anthu atatu amene anatsitsidwa m'basimo. Kuyambira tsiku limenelo laisensi ankangoionetsa m'mwamba akudutsa, apolisi n'kugwedeza mutu.

Nkhani zimenezi amuna amazikamba kometera tsitsi mpaka misozi. Imene sakamba ndi ya mmene a Sindiima ankaimira kunyumba kwawo.

Kuseri kwa geti kunali chipika cha mtengo, chosalala pamwamba chifukwa chopondedwa. Akazi awo, mayi wamtali wosalankhulalankhula, ankaizindikira injini ija isanawoloke n'komwe mlatho wa kumsika. Ankasiya chilichonse, kaya akuchapa kaya akusita, n'kutsegula geti, n'kuika chipikacho mbali ya kumanja, pamalo pake penipeni. Phazi lamanja linkatera pachipika, lamanzere n'kukankha mwendo woimikira njinga. Akatero a Sindiima ankatsika ngati nduna, anthu n'kuwazungulira kuti amve za kumene achokera. Mayiwo ankatola chipika n'kukachibwezera kuseri.

Tsiku lobwera a Sindiima sankanena. "Msewu ndi umene umadziwa," ankatero. Choncho iwo akachoka, akazi awo sankapita kutali ndi geti. Kumsika ankapita mothamanga. Ukwati wa mwana wa mchemwali wawo anaumvera kwa anthu. Njinga ikabwera, iwo ndi amene ankapala tizilombo pagalasi, n'kutsuka mawilo ndi mswachi wakale, n'kupaka mafuta jekete lachikopa. Odutsa ankati, "Koma a Sindiima njinga amaisamala!"

Kamodzi kokha mayiwo anachedwa, tsiku limene anakazulitsa dzino. A Sindiima anafika n'kupeza geti lotseka. Ndinathamanga kukatenga chipika.

"Ayi, mayi, chisiyeni..." Anakakhota pa mtengo wa magetsi. "...inu simudziwa pake!"

Anazungulira mpaka mafuta anatha, n'kudzagwera m'maluwa mwanga. Akazi awo anafika tsaya litatupa, ndipo iwo ndi amene anapepesa.

Chaka chilichonse, akamamangirira chikwama cha amuna awo pampando wakumbuyo uja, ankafunsa motsitsa mawu:

"Abambo, ulendo uno ndipite nawo?"

"Nanga mukapita, pageti andilandira ndani?"

Nkhani inkathera pomwepo. Mpando umene ankaupukuta Loweruka lililonse anali asanaukhalepo ngakhale kamodzi.

Chaka chatha dokotala anapeza kuti mtima wa a Sindiima watopa. Ana awo anagwirizana kuti njinga igulitsidwe, koma bambo awo anachonderera kuti apite ulendo umodzi wotsiriza, wa masiku anayi okha. Tonse tinadziwa kuti wina sudzakhalaponso. Patatsala sabata imodzi, akazi awo anabwera pakhonde panga atanyamula chipika ndi lamba wa chikwama chakale.

"Asisi, mundisokere chogwirira. Cholimba."

Sindinafunse. Ndinazunguliza lambayo kawiri, ndinasoka ndi ulusi wa nsapato, iwo n'kumangirirapo chingwe. Sabata yonseyo ndinkawaona pawindo la khitchini atakhala pamwamba pa tebulo, akugwetsa chipika pansi n'kuchikoka, kugwetsa n'kuchikoka, mpaka chinayamba kutera pamene akufuna.

M'mawa wa ulendo a Sindiima anatuluka atavala jekete, n'kupeza chikwama chawo chili pansi. Pampando panali akazi awo, atavala chisoti chakale, chipika chili pamiyendo.

"Mayi, tsikani, mundichedwetsa."

"Sinditsika."

"Nanga pageti?"

"Chapageti ndi ichi. Ndachinyamula."

"Nanga chikwama changa?"

"Chayenda zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chipumeko."

A Sindiima anayang'ana kwa ine ngati ndiwathandiza, ine ndinayang'ana singano. Anapondera pa sitepe ya khonde lawo, anakwera, n'kuliza injini.

Masiku anayi aja anakhala asanu ndi anayi. Zimene zinachitika anandiuza mayiwo atabwera. Akuti tsiku loyamba anafika pa mlatho wautali, iwo n'kugogoda amuna awo paphewa kuti akufuna kuona madzi. A Sindiima anachepetsa liwiro ndi mantha, chipika chinatera, phazi linaponda. Njinga inaima pakati pa msewu wopanda kasimenti, ndipo sinagwe.

"Apa ndadutsapo kamakumi atatu," anatero a Sindiima patapita nthawi. "Sindinkadziwa kuti pansipa pamakhala anthu ochapa."

Kuchokera pamenepo sanafunenso kuyenda. Pakangooneka kanthu ankakuwa, "Mayi, ponyani!" Anaima kuti agule zipatso, anaima kuti apatse moni munthu wokonza mpanda, anaima kuti aonerere mbuzi zikumenyana. Mkono wa mayiwo unatupa ndi kukoka chingwe. Pamwamba pa phiri lina anazimitsa injini n'kumamvera mphepo.

"Mukananena kale, mayi."

"Ndinkanena chaka chilichonse."

A Sindiima anati, "Eya. Munkanenadi."

Mayiwo akuti kupepesa kwake kunali komweko, ndipo anakulandira.

Tsiku lobwera a Sindiima anaima pageti panga, panga penipeni, n'kukweza galasi la chisoti. "Mwaswera bwanji, mayi? Kunyumba kuno kuli bwanji?" Moni wonse pakamodzi. Ine ndinangodikira kuti akakhote kaye.

Sanakwerenso. Njinga inagulidwa ndi bambo wina wamtali amene anaponda pansi ndi mapazi onse awiri, osadziwa n'komwe kuti akuchita chinthu chachikulu. A Sindiima anaonerera pawindo mpaka inakhota. Anakhalako ndi moyo miyezi isanu.

Pamaliro olankhula anatchula mayiko onse amene malemu anafikako, ndipo ya apolisi ija inaseketsa anthu ngakhale pamanda. Za chipika palibe anatchula. Ine ndinangoyang'ana mkono wa mayiwo.

Masiku ano msewu wathu uli zii. Anthu amapatsana moni ataima, n'kutha msanga. Maluwa anga akula bwino, koma sindikondwera nawo monga ndinkaganizira. Mayiwo tsopano amapita kumsika mosafulumira, ndipo sabata yatha anakagona kwa mchemwali wawo masiku atatu. Chipika anachiika pakhonde, lamba wanga akadali pomwepo, ndipo amakhalapo akamasoka mabatani.

Dzulo masana, injini ina yolemera inadutsa cha kumlatho wa kumsika. Ndinawaona akudzuka, akupukuta manja padiresi, n'kuyenda mapazi awiri kulowera kugeti.

"Asisi," ndinaitana, "si imeneyo."

"Ndikudziwa," anatero, akubwerera kukakhala. "Miyendoyi ndi imene sinamvebe."